Nkhuku M'dzinja: Yambirani Pansi pa Khola

Nkhuku yaikulu, yathanzi, ya nthenga zokwanira, siifa chifukwa choti yavumbwa. Mvula ikaipeza kudzala imathamangira pansi pa nkhokwe kapena pakhonde, n'kudzikutumula, n'kuyamba kupesa nthenga ndi mlomo. Pamwamba pa chinyophiro ili ndi kathumba ka mafuta. Imatapa pamenepo n'kumadzola nthenga, ndipo madzi ambiri amangotsetsereka osafika pakhungu. Mafutawo ndi ochepa poyerekeza ndi a bakha, choncho mvumbi wa tsiku lonse umailowa ndithu. Komabe thupi la nkhuku ndi lotentha, pafupifupi madigiri 41, ndipo ikapeza pouma poti iime, imauma yokha.

Zimavuta pamene pouma palibe paliponse. Pabwalo matope, pansi pa nkhokwe chithaphwi, m'khola momwe ikagone muli chinyezi cha zitosi za sabata yatha. Pakati pa Disembala ndi Malichi, chimene chimatha nkhuku pakhomo kawirikawiri ndi pansi ponyowa pamene zimaponda, kudya ndi kugona. Ntchito yaikulu ya mlimi wa nkhuku m'dzinja ili pamenepo, ndipo yambiri imafuna khasu, osati ndalama.

Onani kumene madzi akupita

Tsiku lina mvula ikamagwa yamphamvu, fundani chiguduli kapena tengani ambulera mukaime pafupi ndi khola. Mphindi zisanu zokha zikuuzani zimene simungazione dzuwa likuwala: kumene madzi akuchokera, pamene akudikha, mbali imene mphepo ikupemerera mvula, ndi malo amene denga likudontha.

M'matauni, m'mapoloti opanikizika a ku Ndirande, Bangwe, Kawale kapena Chinsapo, khola limamangidwa pa malo amene atsala, ndipo amatsala ndi kaphaka ka kuseri kwa nyumba, pakati pa khoma ndi mpanda. Apo ndi pamene malata a nyumba amakhuthulira madzi ake. Tiwerengere limodzi. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa sikweya mita imodzi imapereka lita imodzi ya madzi. Mbali imodzi ya denga ikakhala masikweya mita 30, mvula ya mamilimita 20, yomwe mu Januwale imatha kugwa masana amodzi, imatsitsa malita 600. Amenewo ndi ndowa 30 za malita 20, zonse kukhuthukira pakhomo pa nkhuku. Utuchi ngakhale muthire matumba angati sungamwe madzi otere. Pindani lata lakutha likhale mpita wa madzi m'mphepete mwa denga, muwalozetse mu mgolo kapena m'ngalande, ndipo theka la vutolo latha. Mgolowo muziuvundikira chifukwa cha udzudzu ndi ana.

Kumtunda kwa khola kumbani ngalande yakuya ngati masentimita 20 kapena 30, yokhota mozungulira khola, kuti madzi otsika kuchokera kwa anansi alambalale. Dothi lotuluka m'ngalandemo musalitaye kutali. Liunjikeni m'munsi mwa khoma la khola n'kulitsendera kuti litsetsereke chakunja. Ngalande imakwiririka msanga ndi mchenga ndi mapepala a pulasitiki, choncho mvula yaikulu ikakata muziyendamo ndi khasu.

Pansi pa khola pazikhala pokwera kuposa bwalo ndi masentimita 15 kapena kuposerapo. Ngati simenti simungaikwanitse, yalani maduka kapena miyala, thirani dothi la pachulu pamwamba, mutsendere kolimba, muzire. Pa dothi la makande, limene limasunga madzi masiku ambiri, kapena pafupi ndi dambo pamene chinyezi chimatumphuka chochokera pansi, ine sindingavutike n'komwe ndi khola lapansi. Apo pamafunika khola lam'mwamba.

Khola lam'mwamba limaima pa nsanamira, ngati mita imodzi kuchokera pansi. Pansi pake mumayala nsungwi kapena timitengo towongoka, kusiya mipata ya masentimita awiri kapena kuposera pang'ono, yoti chitosi chigwe koma phazi la nkhuku lisakodwe. Ubwino wake uli pawiri. Usiku nkhuku zimagona kutali ndi zitosi zake, ndipo masana kunsi kwa kholalo kumasanduka pousira mvula, bola denga litulukire kunja mokwanira, masentimita 60 kapena kuposa mbali zonse. Kuchigwa cha Shire, ku Nsanje ndi Chikwawa, kumene madzi amasefukira kawirikawiri, kholali ndiye lanzeru. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anaonetsa kuti ngakhale ku Blantyre, Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe madzi amatha kubwera usiku umodzi. Pa madzi otero khola lililonse limagonja, ndipo moyo wa anthu ndiye woyamba. Koma a zanyengo akachenjeza pawailesi kusanade, kukhala ndi dengu lalikulu kapena katoni yoti muikemo nkhuku madzulo omwewo kumapulumutsa mbewu.

Za denga n'zachidule. La udzu lifoleredwe Okutobala asanathe, pepala la pulasitiki likhale kunsi kwa udzu, ndipo likhale lotsetsereka bwino. La malata akale muunike masana muli m'kati. Pamene pakulowa kadzuwa ndi pomwe padzalowe madzi, pamateni ndi phula.

Zoyala pansi ndi mpweya

M'khola lapansi mumafunika choyala chomwa chinyezi, chochindikala masentimita 8 kapena 10. Zopalidwa za matabwa zochokera kwa akalipentala ndizo zabwino koposa. Utuchi wosalala wa kumacheka umagwira ntchito kwa nkhuku zazikulu, koma anapiye amaujompha poyesa chakudya. Kumadera a mpunga, monga Karonga, Nkhotakota, Salima ndi m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, mankhusu a mpunga amapezeka m'zigayo ndipo sagwirana msanga. Makoko a mtedza nawo amathandiza ngati ali ouma gwa ndipo alibe chuku. Udzu wautali umaphathana n'kubisa chinyezi kunsi. Ngati ndi umene muli nawo, uduleni tizidutswa. Zonsezi zimafunika kusonkhanitsa chilimwe chisanathe n'kuzisunga m'matumba pouma, chifukwa mu Febuluwale utuchi wa kumacheka nawo umakhala utavumbwa.

Kuyesa kwake nkosavuta. Tapani utuchi wodzadza dzanja pafupi ndi chomwera madzi, mufinye kolimba, mutambasule zala. Wabwino umamwazika n'kungosiya kafumbi m'mizere ya chikhatho. Ukatsala woumbika ngati mbamu ya nsima, zala zanu zitadinda pamenepo, wanyowa kale mopitirira. Chotsani malo onyowawo ndi fosholo tsiku lomwelo, muthire wouma. Kwinako muzitembenuza ndi khasu kawiri kapena katatu pa sabata, kapena mwazanimo chimanga chochepa madzulo kuti nkhuku zitembenuze zokha popalasa. Phulusa louma la nkhuni, lowazidwa pang'ono pansi musanayale utuchi, limathandiza kumwa chinyezi. Laimu womangira nyumba musamusiye poyera. Akanyowa amawotcha mapazi.

Apa ndipo ambiri timalakwitsa ndi mtima wabwino. Tikaona mvula yamphepo timakuta khola lonse ndi mapulasitiki, kutseka kabowo kalikonse kuti nkhuku zisazizidwe. Koma nkhuku imatulutsa chinyezi chambiri popuma, ndipo chitosi chake mbali yaikulu ndi madzi. Khola likatsekedwa ponseponse, chinyezicho chimachita thukuta kunsi kwa malata, n'kudontheranso pansi, ndipo zitosi zimayamba kutulutsa mpweya woswa mphuno wa amoniya. Mpweyawu umapsereza maso ndi njira yopumira, ndiye chimfine chimalowa mosavuta: kuyetsemula, kutupa nkhope, maso kumatana, kulira kwa m'khosi usiku. M'mawa musanazitsegulire nkhuku, lowani mugwade mpaka mphuno yanu ifike pamene pamafika mutu wa nkhuku. Maso akayamba kukuwawani mphindi imodzi, ganizirani nkhuku imene yapuma mpweya umenewo usiku wonse. Tchingani mbali imodzi yokha, imene mvula imapemerera, ndi chiguduli choti muzichipinda kukacha. Mipata ya m'mwamba pansi pa denga, yokutidwa ndi waya, isiyeni yotsegula usana ndi usiku.

Mitanda yogonapo isasowe, ngakhale m'khola laling'ono. Nkhuku iliyonse imafuna malo a masentimita 20 mpaka 25 pa mtanda. Za Mikolongwe ndi zina zolemera mtanda wake usakwere kuposa theka la mita, chifukwa kudumpha kuchokera patali kumavulaza kuphazi, ndipo phazi lokhala m'matope tsiku lonse khungu lake limafewa, kabala kakang'ono n'kusanduka chotupa cha mafinya. Zimene zinazolowera kugona mu mtengo wa mango muzizikopa ndi chakudya cha madzulo m'khola n'kuzitsekera. Pakatha masiku angapo zimayamba kulowa zokha.

Pabwalo la nkhuku

M'dzinja nkhuku zambiri zimatsekeredwa chifukwa minda yafika m'khonde ndipo palibe amene afuna mlandu ndi mnansi. Mapazi ambiri pa kabwalo kamodzi amasandutsa dothi phala pa sabata imodzi. Musathire utuchi kapena udzu pa matope osafolera. Zimaola n'kununkha kuposa matope omwewo. Thirani mchenga wa kumtsinje, wokhakhala uja, pamwamba pa maduka kapena timiyala, makamaka pakhomo pa khola ndi pozungulira chomwera. Ikani zipika, thabwa lakutha kapena kathandala ka nsungwi kuti nkhuku ikatopa ndi matope ikwerepo. Ngati malo alipo, gawani bwalolo pawiri, mbali ina izipuma.

Chinthu chimodzi chimene nkhuku imachisowa kwambiri m'dzinja ndi fumbi losamba. Kugubuduka m'fumbi kuja ndiko kumachotsa utitiri ndi nsabwe. Dothi lonse likanyowa nkhuku imakhala miyezi osasamba, ndipo tizilomboti timaswana mpaka thadzi kuthawa mazira. Dzadzani beseni lobooka kapena tayala lakutha ndi mchenga wouma wosakaniza ndi phulusa, muike pansi pa denga. Simudzafunika kuziitana.

Muziyang'ananso zala. Pa dothi la makande matope amaumbika timipira kunsonga kwa zala, makamaka za anapiye, n'kuuma gwa mpaka chala kufa. Musakanganule mouma, mungachotse ndi chikhadabo chomwe. Viikani phazi m'madzi ofunda mpaka dothi lisungunuke, mupukute.

Anapiye

Zonse zanenedwa za nkhuku yaikulu sizikhudza mwanapiye. Iye alibe nthenga zenizeni mpaka atakwana masabata asanu kapena asanu ndi limodzi. Ali ndi tiubweya tomwa madzi, ndipo thupi lake silinayambe kudzisungira kutentha. Safuna mvula kuti anyowe. Mame a m'mawa pa udzu wa mu Januwale ndi okwanira. Thadzi lanjala limatuluka mbandakucha, kulowa nawo m'udzu wotalika, ndipo wofooka amatsalira m'mbuyo akulira mpaka mawu kuzilala. Madzulo mukawerenga mupeza asanu ndi awiri pamene anali khumi, n'kumanamizira mphamba.

Thadzi la anapiye litsekereni ndi ana ake m'kakhola kakekake, kouma, kwa masabata anayi oyamba kapena kuposerapo. Dengu lalikulu lovundikira pakhonde, pansi mutayala chiguduli ndi mankhusu, limakwanira masiku oyamba, bola muzilisuntha ndi kusintha choyalacho. Ngati chakudya chochepa chikukukakamizani kuwatulutsa, dikirani dzuwa likwere, mame aume, ndipo mtambo ukayamba kuda muwabweze. Chomwera chawo chikhale chosaya, mutaikamo timiyala, kuti asagweremo. Nkhuku za kansilanga, za nthenga zotembenuka zija, muziziwerengera limodzi ndi anapiye ngakhale zitakula, chifukwa nthenga zake sizitchinga madzi.

Mukapeza mwanapiye atavumbwa, wagona chammbali, timiyendo tawongoka, maso atseka, tiubweya tamatirira pakhungu mpaka kuoneka tinthiti, musafulumire kumutaya kudzala. Ambiri otere akadali moyo. Mupukuteni ndi kansalu kouma osakhula, mumufungatire m'manja kapena m'chitenje pachifuwa, kapena mumugoneke m'katoni pambali pa botolo la madzi ofunda lokulungidwa nsalu. Musamuyandikize pamoto, khungu lake limapsa iye asanathe kusuntha. Pakapita kanthawi kamlomo kamayamba kutseguka, kenako kamwendo kugwedezeka, kenako kamawu. Madzi ofunda othira shuga pang'ono mumupatse pokhapokha wayamba kuimika mutu, pomuviika nsonga ya mlomo. Kumutsanulira m'kamwa ali chigonere kumamutsamwitsa. Akauma bwinobwino mubwezereni kwa make usiku.

Amene mumagula anapiye a tsiku limodzi opanda make, sabata yoyamba amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35, n'kumatsitsa ndi madigiri atatu sabata iliyonse. Ngati choyezera mulibe, anapiyewo akuuzani. Akaunjikana pamodzi akulira, azizidwa, ndipo apansi amafa ndi kupanikizika. Akathawira m'mbali atayasamula, kwatentha. Akamwazikana n'kumadya mwakachetechete, zili bwino. Mvula yamkuntho ndi kuzima kwa magetsi zimayendera limodzi, choncho makala ouma azikhala pafupi. Mbaula muyatsire panja, ilowe utsi utatha, itchingidwe ndi waya kapena njerwa, ndipo mpata wa mpweya ukhalepo. Makala oyaka m'chipinda chotsekedwa amapha anapiye, amaphanso munthu wogona nawo kuti aziwalondera.

Maganizo anga ndi akuti ngati malo ouma a anapiye mulibe, mazira a kumapeto kwa Disembala ndi a mu Januwale ndi bwino kudya kapena kugulitsa. Dzira limaswa pa masiku 21. Lofungatiritsa pa Khirisimasi limaswa mvula ili pachimake, nkhokwe ili pansi. Lofungatiritsa kumapeto kwa Febuluwale limabweretsa anapiye mvula ikuchepa, zakumunda zikuyamba kucha.

Chitosi cha magazi

Matenda enieni a pansi ponyowa ndi kokisidiyosisi, amene alimi amangowadziwa ndi chitosi cha magazi. Kumvetsa kayendedwe kake kumathandiza kuposa kuloweza dzina la mankhwala. Tizilombo take timakhala m'matumbo, ndipo timbewu take timatuluka ndi chitosi. Timbewuto tikangotuluka sitingadwalitse nkhuku ina. Timafuna chinyezi, kufunda ndi mpweya kwa tsiku limodzi kapena awiri kuti tikhwime. Pa dothi louma la mu Okutobala tambiri timafa. Pa utuchi wonyowa wa m'dzinja tambiri timakhwima, mwanapiye n'kutijompha pamodzi ndi madeya otayikira pansi, ndipo pasanathe sabata matumbo ake ayamba kuchucha magazi. Ndiye chifukwa chake kuchotsa zitosi ndi malo onyowa tsiku ndi tsiku kuli ndi mphamvu yotere: mumatichotsa tisanakhwime.

Amagwira kwambiri anapiye a masabata atatu mpaka asanu ndi limodzi. Mudzawaona atanyentchera, mapiko ali pansi, avala jekete monga timanenera, akuodzera chiimire, chitosi chili chamadzi chosakanikirana ndi magazi kapena mamina. Koma musachite mantha ndi chitosi chilichonse chofiirira. Nkhuku yathanzi kangapo patsiku imachita china chonanda, chabulauni, chonunkha kwambiri, chimenecho n'chachibadwa. Choopsa ndi cha magazi enieni pamodzi ndi kufooka.

Mankhwala odziwika ndi amprolium, osungunula m'madzi akumwa kwa masiku asanu mpaka asanu ndi awiri, malinga ndi zolembedwa pa paketi, ndipo amapezeka m'masitolo a mankhwala a ziweto. Zonse za m'khola limenelo zimwe, ndipo pasakhale madzi ena oti zithawireko. Tsiku lomwelo chotsani choyala chonse muike chouma, apo ayi mukuthira mankhwala kukamwa pamene matenda akulowanso kuchokera pansi. Makapisozi a anthu amene timatsegulira m'madzi a nkhuku sakhudza tizilomboti. Alovera ndi tsabola sindilimbana nazo, koma anapiye akayamba kutuluka magazi, masiku awiri oyesera zimenezo ndi amene amasiyanitsa kutaya awiri ndi kutaya onse. Pa mankhwala alionse werengani masiku oyenera kudikira musanadye nyama kapena mazira, ndipo ngati nkhuku zazikulu nazo zikufa motsatizana, itanani alangizi a ziweto.

Njoka za m'mimba nazo zimachuluka nyengoyi, chifukwa mazira ake amakhalitsa m'dothi lonyowa ndipo ena amabwera kudzera m'nyongolotsi, nkhono ndi tizilombo timene nkhuku zimatola. Kumwetsa mankhwala mvula ikamayamba ndi ikamatha kumakwanira pakhomo pambiri. Dziwani kuti piperazine amapha njoka zazitali zobulungira zokha. Mukaona tizidutswa toyera tophwatalala m'chitosi, funsani mankhwala ena. Nthomba ya nkhuku, ya tinkhanambo pa lipombo ndi m'zikope, imafalitsidwa ndi udzudzu, choncho zitini, matayala ndi zigubu zosweka zosunga madzi pafupi ndi khola zichoke. Tinkhanamboto musatikanganule, pakani ayodini, mupatule yodwalayo, ndipo yotsekeka maso muziidyetsa.

Chitopa chimadziwika ndi nyengo yotentha, koma dzinja silichiletsa, ndipo chilibe mankhwala. Katemera wa I-2, wopangidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe, ndi dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, yaikulu ndi mwanapiye yemwe, miyezi inayi iliyonse; m'madera ambiri amaperekedwa mu Malichi, Julayi ndi Novembala. Wa Novembala ndiye amaziperekeza m'dzinja lonse. Nyengo ya Khirisimasi nkhuku zimayenda kwambiri, za pamsika ndi zopatsidwa kwa achibale. Yachilendo ikhale payokha masabata awiri, ngakhale yachokera kwa apongozi.

Madeya ndi madzi

Pokonola chimanga timawaza madzi, choncho madeya amachoka kuchigayo ali ndi chinyezi. M'chilimwe timawayanika pamkeka ola limodzi, nkhani yatha. M'dzinja dzuwa limasowa, madeya amalowa m'thumba osauma, ndipo pa masiku ochepa ayamba kutentha okha. Pisani dzanja mpaka pakati pa thumba. Mukamva kufunda, kapena mukatulutsa zibuma zogwirana zonunkha chuku, chakudyacho chaonongeka. Chuku china chimatulutsa poizoni wa aflatoxin amene amaononga chiwindi, kufooketsa chitetezo cha m'thupi ndi kuchepetsa mazira, ndipo kuyanika kapena kuphika sikumuchotsa. Abakha ndiye amafa naye msanga kuposa nkhuku. Chimanga chowola cha pansi pa nkhokwe ndi mtedza wachuku, zimene timati zikhale za nkhuku, zili m'gulu lomweli.

Gulani madeya ochepa oti athe pa sabata imodzi kapena ziwiri, muwayanike mopyapyala pakhonde, ndipo thumba likhale pa matabwa, losatsamira khoma. Chodyera chikhale pansi pa denga, chokwezedwa kufika pamsana pa nkhuku. Kumwaza chakudya pa matope ndiko kudyetsa nkhuku zitosi zake. Madeya onyowetsa apatseni oti athe nthawi yomweyo, otsala mutaye.

Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi imene madeya amakwera mtengo, ndipo m'makomo ena amasanduka chakudya cha anthu. Nkhuku yotsekeredwa yosakhuta ndiyo imayamba kudwala. Nzeru yake ndi kuchepetsa chiwerengero mvula isanakhwime. Tambala mmodzi amakwanira mathadzi khumi. Atambala otsalawo ndi mathadzi okalamba agulitseni pa Khirisimasi mitengo ili bwino, ndalamayo igule chakudya cha zotsala. Dzinja limabweranso ndi zaulere: ngumbi, chiswe, ziwala, ndi masamba a chisoso, bonongwe ndi kholowa, amene mungamange mtolo n'kupachika m'khola kuti asapondedwe. Onjezerani fumbi la usipa, soya wokazinga wopera, ndi makoko a mazira owamba n'kusinja a zoikira.

Madzi akumwa musaleke kupereka poti kunja kuli madzi ponseponse. Nkhuku ikasowa oyera imamwa m'chithaphwi chimene mwalowa zitosi ndi zotsika kudzala. Tsukani chomwera m'mawa uliwonse, muchiike pa njerwa. Khoswe kapena chule wofera m'chithaphwi mukwirireni mozama. Nkhuku ikadya mphutsi za pa nyama yowola imatha kulemala khosi, mutu kugwera pansi, n'kufa. Yakufa ndi matenda nayo ikwiriridwe kapena kuwotchedwa, isadyedwe kapena kuponyeredwa agalu.

Poizoni wina timabwera naye tokha. Mbewu ya chimanga yogula, yopakidwa utoto ija, ili ndi mankhwala. Yotsala pobzala isaponyedwe pabwalo. Timibulu ta feteleza wa Urea nkhuku imatijompha poyesa chakudya. Ndipo chiyambire dzinja la 2016/2017, pamene mtundu watsopano wa ntchemberezandonda unafika m'dziko muno, minda ya chimanga ya pafupi ndi nyumba imapoperedwa kawirikawiri. Mukapopera inu kapena mnansi, nkhuku zisalowe m'mundamo masiku amene alembedwa pa botolo.

Adani a usiku

Linthumbu limayenda kwambiri nthaka ikanyowa, ndipo likalowa m'khola usiku anapiye ndi thadzi lofungatira sizipulumuka. Mzere wa phulusa louma kuzungulira khola umalibweza, koma phulusa likavumbwa mphamvu yatha, liyenera kuthiridwa m'kati mwa mthunzi wa denga ndi kubwerezedwa. Pa khola lam'mwamba pakani oilo wakutha wa galimoto m'munsi mwa nsanamira, ndipo m'mwamba mwake vekani lata lopindidwa loyang'ana pansi kuti makoswe alephere kukwera. Makwerero muzichotsa usiku. Nkhuku zikachita phokoso pakati pa usiku, dzukani ndi tochi, muunike pansi musanaponde. Udzu umakula msanga nyengoyi ndipo umabisa njoka, likongwe ndi vumbwe. Tchetchani mamita awiri kapena atatu kuzungulira khola. Maenje a makoswe m'munsi mwa khoma atsekeni, chifukwa madzi nawo amalowera momwemo.

Mazira a matope

Thadzi likalowa m'chisa ndi mapazi a matope limadetsa mazira onse. Yalani mchenga kapena mankhusu panjira yolowera kuti mapazi apukutike, ndipo udzu wa m'chisa muzisintha ukangonyowa. Chisa chimodzi chimakwanira mathadzi anayi kapena asanu. Tolani mazira kawiri patsiku. Dzira lili ndi kachikuto kosaoneka kotseka timabowo ta chigoba. Mukalitsuka, makamaka ndi madzi ozizira, dothi limakokeredwa m'kati. Lofuna kufungatiritsa musalitsuke n'komwe, sankhani loyera, ndipo lodetsedwa pang'ono mulipukute ndi nsalu youma. Lakuda kwambiri litsukeni ndi madzi ofunda nthawi yophika yomweyo. Thadzi limene laikira kutchire kapena pansi pa mulu wa nkhuni lisamutseni usiku pamodzi ndi mazira ake, mulivundikire tsiku limodzi kapena awiri mpaka lizolowere malo atsopano.

Utuchi wonyowa ndi zitosi zimene mukuchotsa m'khola nyengo yonseyi musaziunjike pakhomo pa khola pomwepo, chifukwa nkhuku zikapalasa muluwo zidzatolanso timbewu ta matenda tija titakhwima. Pitani nazo kumene nkhuku sizifika, musakanize ndi zinyalala za m'munda, mufunditse ndi pulasitiki kapena masamba a nthochi kuti mvula isasukuluze, muzitembenuza mwa apo ndi apo. Kutentha kwa m'kati mwa mulu kumapha tizilombo tambiri. Manyowa a nkhuku aawisi amawotcha mbewu, choncho apatseni miyezi iwiri kapena itatu musanapite nawo kudimba.